Mbale za Lachiwiri ndi Lachisanu

20 Febuluwale

Achemwali,

Moni wa masiku. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana anga awiriwo. Ine kunja kuno ndilipo, kungoti msana. Galimoto ya buledi imene andipatsa chaka chino mpando wake ndi thabwa lenileni.

Ndisachulutse gaga m'diwa. Ndalandira kalata ya Mzime, ndipo ndaiwerenga katatu poganiza kuti mwina maso akundinamiza. Akuti mwamata pepala kuseri kwa chitseko cha khitchini, ndipo papepalapo mwalemba kuti iye azitsuka mbale Lachiwiri ndi Lachisanu. Akuti sabata yatha anzake anamupeza atapinda malaya, manja ali m'beseni, ndipo tsopano kusukulu akumutcha Mayi a Mapoto.

Kodi zimenezi n'zoona? Pamene amayi awo anatisiya, ine n'kubwera kuno kudzasaka, ndinakusiyirani anawo chifukwa ndinu mlongo wanga wamkulu, bere limodzi. Sindinakusiyireni wantchito. Mzime ndi mwana wamwamuna wa zaka 12, ndipo wamwamuna ndili naye ndi yekhayo. M'nyumbamo muli Chisamba, mtsikana wamkulu wa zaka 16, manja ake ndi abwinobwino. Nanga mbale zikusowa chiyani?

Fufutani dzina la mwanayo papepalapo. Mundiyankhe msanga, mundiuzenso ngati nsapato ndinatumiza zija zinamukwana.

Ine mlongo wanu


8 Malichi

Mlongo wanga,

Kalata yako yafika. Tonse tili bwino, kuphatikizapo mwana wamkazi uja amene sunafunse za moyo wake koma za manja ake okha. Nsapato zinamukwana Mzime. Chisamba akuyendera zomwe zija unazisiya.

Pepala lilipodi, ndipo ndinalimata ndi manja angawa. Popeza kandimverere anakanena za m'maluwa, ndikuuze ndekha zimene zalembedwapo. Lolemba ndi Lachinayi ndine. Lachitatu ndi Loweruka ndi Chisamba. Lachiwiri ndi Lachisanu ndi bwana wako wamng'onoyo. Lamlungu ndi alamu ako, bambo wa imvi, kalipentala wokhomera anthu madenga, ndipo chiyambire kutsuka mbale ndevu zawo sizinathothoke ngakhale imodzi.

Lamulo ndi limodzi ndipo ndi la aliyense. Amene wathawa tsiku lake, ife timatsuka mbale zathu, yake timaisiya, ndipo chakudya chotsatira timamuikira momwemo. Sindimenya mwana, sindimana mwana chakudya. Alamu ako omwe linawagwirapo kamodzi ataiwala, ndipo anadya osadandaula.

Ukuti Chisamba ali ndi manja. Alinso ndi mayeso akuluakulu mu Okutobala. Pepalalo lisanabwere ankadzuka, kusesa, kutsuka, kutenthetsa madzi osamba a mlongo wake, n'kuthamangira kusukulu geti atatseka kale, pamene bwanayo wafika kalekale ndi mimba yokhuta. Ine ndimakhala pamakina osokera pakhonde tsiku lonse, ndiye olowa ndi otuluka ndimawaona.

Kumene njira imeneyi imathera ndikukudziwa chifukwa ndinaiyenda. Ndinasiya sukulu ndili Sitandade 6 ndikutsuka mbale zako, iwe uli ku mpira. Lero iwe ukuyendetsa galimoto kunja, ine ndikupinda masiketi a anthu. Wonga iwe ndinalera mmodzi ndipo anandikwana, wachiwiri sindilera m'nyumba mwanga. Ndingofunsa, kunjako mbale zako amakutsukira ndani?

Dzina silifufutidwa. Ukamalemba ina ufunsekonso za mwana wamkaziyo, naye ndi wako.

Mchemwali wako


24 Malichi

Chisamba mwana wanga,

Uli bwanji? Ine ndili bwino. Kalatayi ndaidzeretsa kwa a golosale a pakona kuti akupatse m'manja. Azakhali ako asaione, ukawerenga uibise.

Azakhali ako ndi ouma mutu kuyambira kale, ndipo ine ndili kutali, sindingamakangane nawo papepala mwezi ndi mwezi. Ndiye ndikudalira iwe. Lachiwiri ndi Lachisanu uzilawirira. Iwo akangotulutsa makina awo pakhonde la kumaso, iwe uzipita kuseri kusinki n'kutsuka mbale za mlongo wako. Iye aziima pakhomo ngati akupukuta. Mbale za anthu anayi si ntchito yoti mtsikana wamkulu ngati iwe n'kudandaula nayo.

Usaone ngati ndikukondera. Mwana wamwamuna akazolowera kusekedwa ali wamng'ono amakula wamantha, ndipo mawa ndi iyeyo amene adzakuimirire ine kulibe. Amayi ako akanakhala moyo sakanalola kuti Mzime agwire siponji iwe ulipo. Chita zimenezi chifukwa cha iwo.

Uzindilembera zonse zochitika pakhomopo. Yankho upereke kwa a golosale omwewo, adziwa potumiza.

Bambo ako


23 Epulo

Bambo,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino. Ifenso tili bwino.

Ndikuchita monga munanenera. Ndatsuka kale masiku anayi a Mzime. Iye amaima pakhomo ndi kansalu paphewa akudya buledi, ndipo akamva kuti makina a azakhali aima amatsokomola kuti ndichoke pasinki. Lachisanu lapitali anandiuza kuti ndizifulumira chifukwa ndikumuchedwetsa kusukulu.

Pali chinthu chimodzi. Aphunzitsi a masamu ayamba kutiphunzitsa ife a mayeso m'mawa belu lisanalire, ndipo masiku ake ndi omwewo, Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndajomba kale kanayi. Anandiimika kutsogolo n'kundifunsa ngati ndapeza banja. Anzanga anaseka, ine sindinayankhe, chifukwa ndikananena zoona zikanafika kwa azakhali.

Sindikukana, bambo. Ndikungopempha ngati mungandilole kusiya kaye mpaka mayeso atatha, kenako ndidzapitiriza. Masamu ndi amene amandivuta kwambiri. Ndikudikira yankho lanu kwa a golosale.

Mwana wanu,
Chisamba


10 Meyi

Mlongo wanga,

Moni ndikupatsa chifukwa tinaleredwa kupereka moni. Tili moyo.

Wandiyesa chitsiru. Zaka makumi anayi ndili pasinki, ndiye ndilephere kudziwa dzanja limene latsuka poto? Mwana wongoyamba amatsuka mkati mokha, mafuta n'kuwasiya m'mphepete. Mbale za Mzime zinali choncho, zoterera ngati nsomba, ndipo ndinkakondwa nazo chifukwa zinali zake. Kenako mwadzidzidzi mapoto a Lachiwiri anayamba kuwala mpaka kunsi, makapu atavundikiridwa m'mizere, zogwirira zonse zitaloza mbali imodzi. Amene amaika makapu choncho m'nyumba muno ndi munthu mmodzi yekha.

Ndinadikira kuti wina aulule, koma ayi. Lachisanu lapitali ndinamuitana bwana wako. Ndati, "Wagwira ntchito, mwanawe. Tandipatsira chokwechera chimene wawalitsira mapotowa." Anatsegula kabati ya makapu. Anatsegula ya shuga ndi mchere. Anasuzumira ndi mu uvuni momwe. Chisamba atayamba kulira ndi pamene kalata yako inatuluka m'buku la masamu.

Ndaiwerenga. Wauza mwana kuti azindinamiza m'nyumba mwanga, ndipo wadzutsa ndi malemu omwe kuti akuthandize. Popeza wawatchula, ndikukumbutse. Mwezi wawo womaliza ndinabwera kwanu kudzawazonda, n'kuwapeza akutsuka mbale atakhala pampando chifukwa miyendo inali itakana. Iwe unali pabalaza, wailesi pakhutu, ukufunsa ngati tiyi wapsa. Usandiuze zimene mkazi ameneyo akanalola, palibe anamufunsapo.

Mwana anakupempha kuti umumasule chifukwa cha masamu, masabata awiri adutsa uli zii. Ndamumasula ine. Lachiwiri ndi Lachisanu ndizimuperekeza ndekha mpaka pamsewu, makina adikire. Dzulo Mzime anasiya mbale musinki n'kupita kusukulu akuimba likhweru. Tinatsuka zathu. Masana anadyera mu yake ya chakudya cha Lolemba madzulo, monga mwa lamulo, ndipo sanafe.

Ukafuna kundilamula, bwera udzandilamule pamaso. Kudzera mwa ana ndi a golosale ndi khalidwe la munthu wamantha.

Mchemwali wako


10 Meyi

Adadi,

Muli bwanji ine sindili bwino. Azakhali andidyetsa m'mbale yakuda. Inali ndi mafuta ouma ndiponso panatera ntchentche ziwiri ndinaziona. Onse ankadyera m'mbale zoyera ine ndekha yakuda ngati galu. Ankolo anandiuza kuti mpopi suluma. Asisi sanandithandize anangoyang'ana pansi.

Adadi bwerani mudzanditenge kapena muwauze amalume ogulitsa matayala aja. Kwawo kuli wantchito amatsuka chilichonse ndipo ana awo amangosiya mbale patebulo n'kupita kukaonera kanema. Tinapitako tchuthi chija ndinaona ndekha.

Mukapanda kubwera ndisiya kudya. Nsapato zikomo koma mpira munaiwala.

Ndine Mzime


24 Meyi

Achemwali,

Makalata atatu afika tsiku limodzi, yanu, ya Mzime, ndi ya Chisamba imene inagona kugolosale masabata awiri. Moni wambiri ndilibe, mtima wanga suli m'malo.

Mwana wanga kudyera m'mbale ya ntchentche? Ine kuno ndimanyamula makireti a buledi mpaka mapewa kutupa, ndimagona chipinda chimodzi ndi amuna anayi, ndimadyera m'mapepala, zonsezi kuti ana anga asanyozeke. Inu n'kumamusandutsa galu wa pakhomo. Mwati sanafe. Ndiye mumadikira kuti afe?

Za mkazi wanga musazitchulenso. Munabwera tsiku limodzi, munaona mpando umodzi, basi mwasanduka woweruza. Za Sitandade 6 nazo ndatopa nazo. Amene anakutulutsani sukulu si ine, ine ndinali mwana. Ngati muli ndi mlandu ndi makolo athu musaulipiritse mwana wanga.

Ndinene chimene ndakhala ndikusunga. Mukanakhala kuti munaberekapo wanu, simukanatha kuika chakudya m'mbale yakuda n'kupatsa mwana, inu n'kumadya pambali pake. Mimba imene sinanyamulepo sidziwa kuwawa kwa mwana.

Ndaimba lamya kushopu kwa alamu anga a matayala, mlongo wawo wa malemu, ndipo avomera. Adzabwera ndi galimoto Loweruka pa 10 Juni kudzatenga Mzime. Kwawo kuli wantchito, mwana azikangodya n'kuwerenga. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mumulongedzere zovala zake zonse. Ndawalemberanso kalata ya zoyenera kuchita mukadzayamba kupita kumeneko kukasokoneza.

Chisamba atsale, poti mwamukonda. Mumuuze kuti za masamu zake ndamva, ndipo zatha zokha tsopano.

Ine bambo wa ana


12 Juni

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Azakhali ati salemba, ndiye ndalemba ine kuti mudziwe kuti Mzime wapita.

Kalata yanu inafika Lachitatu, amalume n'kubwera Loweruka. Azakhali anaiwerengera pamakina. Atafika pakati anavula magalasi. Kenako anapitiriza siketi ya kasitomala, koma anaisoka mokhota mpaka anachita kuimasula yonse. Sanandiuze zimene munalemba, kupatula uthenga wanu wa za masamu. Ankolo ataiwerenga anati mukanakhala pafupi akanakuphunzitsani kalankhulidwe.

Chimene simukudziwa n'chakuti Mzime sanasiye kudya. Tsiku lomwe anakulemberani anawonjezera kawiri. Lachisanu lotsatira anatsuka yekha, ngakhale anathyola chogwirira cha kapu n'kunyowetsa yunifolomu yonse. Azakhali anadyera m'mbale yoterera imene iye anatsuka. Pofika sabata yathayi anali atatsuka masiku asanu ndi anayi osathawa. Ankolo anamukhomera kabenchi koimapo chifukwa sinki ndi yaitali, ndipo anali atayamba kuimba akamatsukuluza. Za dzina la kusukulu lija anzake anatopa nalo kalekale.

Loweruka anasangalala ndi galimoto, anakhala kutsogolo. Azakhali anamusokera makabudula awiri atsopano n'kumuikira pansi pa chikwama. Atafika pageti Mzime anatsitsa galasi n'kufunsa kuti, "Azakhali, nanga Lachiwiri atsuka ndani?" Iwo anati, "Imeneyo si nkhani yakonso, pita." Sanaimire kubayibitsa, anabwerera pamakina.

Munati zatha zokha. Ine ndi Mzime chibadwire chake sitinasiyanepo, ngakhale pamene amayi ankadwala. Ndakwiya, bambo, ndipo sindikudziwa ngati n'zololedwa kukwiyira bambo ako m'kalata.

Chisamba


30 Julayi

Achemwali,

Moni. Miyezi iwiri yatha popanda kalata yanu. Ngati ndi kunyanyala, nyanyalani, koma m'nyumbamo muli mwana wanga wina ndipo ndiyenera kumva za iye. Naye wayamba kundilembera mwamwano, ndipo kumene akuphunzira ndikukudziwa.

Alamu anga andilembera kuti Mzime wazolowera, akudya bwino, ndipo ndi mwana wothandiza kwambiri pakhomo. Mwaona? Mwana ukamulemekeza amathandiza yekha popanda pepala la pachitseko. Iye sanandilembere chipitire, koma mwana akakhala chete ndiye kuti wakhuta.

Zoti anayamba kutsuka asanachoke ndamva. Sizikundidabwitsa. Munthu ukamuopseza ndi mbale ya ntchentche akhoza kutsuka ndi msewu womwe.

Mundiyankhe. Ndine mlongo wanu ndithu, mufune musafune.

Ine


19 Ogasiti

Bambo,

Moni. Kalata ili m'munsiyi yabwera dzulo ndi kondakitala wa basi. Mwini wake akuti ndisakuuzeni, koma ndaona kuti muiwerenge nokha. Azakhali aiwerenga kale.

Chisamba

Asisi,

Muli bwanji. Musawauze adadi akwiya. Wantchito uja anachoka nditangotha sabata imodzi. Anti akazi a amalume anati palibe chifukwa chosungira wantchito pamene pakhomo pabwera mnyamata wamphamvu wodya zaulere. Kuno tilipo asanu ndi anayi kuphatikiza akushopu awiri amene amadya konkuno. Kulibe pepala masiku onse ndi anga.

Ndimayamba m'mawa koma sizitha. Madzi amada ndisanafike pakati ndipo matambula amatuluka ndi mafuta ndiye Anti amandibwezera zonse kuti ndiyambirenso. Ndinaswa mbale yagalasi ya alendo anandikoka khutu mpaka linatupa. Kusukulu ndimafika geti atatseka sabata ino ndalowa kawiri kokha. Zala zanga zang'ambika sopo akalowa zimawawa.

Ana a kuno amasiyadi mbale patebulo monga ndinanenera muja koma wochotsa ndine. Amalume ndikawauza amati akambirana ndi Anti koma sakambirana.

Asisi poto akapserera mumatani kuti zichoke? Ndimakwecha mpaka dzanja kuchita dzanzi. Muwafunse azakhali ngati adakandikwiyirabe. Muwauze kuti sipuni yaikulu ija sinasowe ndinaigwetsera kuseri kwa sinki.

Ndine Mzime


4 Seputembala

Achemwali,

Moni. Kalata ya Mzime ndaiwerengera m'galimoto, ndipo ndinadutsa mashopu awiri osatsitsa buledi.

Alamu anga andichita chipongwe. Ndaimba kushopu kwawo kanayi, kukungoyankhidwa kuti abwana atuluka. Sindinena zambiri. Mukanapanda kuumirira pepala lanu lija sitikanafika pano, koma madzi akatayika saoleka. Mawu ena amene ndinalemba mu Meyi anali a mkwiyo, muwataye.

Pitani mukamutenge mwanayo. Mu envulopu yomweyi ndaikamo kalata ya kwa alamu, yosainidwa ndi ine, yowauza kuti akupatseni Mzime ndi katundu wake yense. Mupite Loweruka loyamba mukangolandira. Za mbale tidzakambirana akabwerera. Mwina tsiku limodzi pa sabata silingavute, bola anzake asamuone.

Chonde, achemwali.

Ine mlongo wanu


24 Seputembala

Mlongo wanga,

Tili moyo. Ndalemba chifukwa cha mwana, osati chifukwa cha iwe. Mawu ukuti ndiwataye aja ndinawameza kale, alibe potulukira.

Kumeneko ndapitako kawiri. Koyamba sindinadikire chilolezo chako, ndinakwera basi tsiku lomwe ndinawerenga kalata ya Mzime. Mkazi wa a Matayala anandibweza pageti, ati abambo kulibe ndipo mwana watanganidwa. Kachiwiri ndi dzulo, kalata yako ili m'manja, amuna anga atavala jekete lawo la kumaliro.

A Matayala anatilandira pabalaza, anatipatsa ndi zakumwa zomwe. Anawerenga kalata yako mpaka pansi akugwedeza mutu. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa ina, ya mu Meyi, dzanja lako lomwelo, n'kutiwerengera mokweza ngati tili kubwalo la milandu. Ndikukumbutse, mwina waiwala:

"Mchemwali wanga ndi wochenjera. Akadzabwera musadzamupatse mwana, ngakhale atabwera ndi kalata yonena kuti ndalemba ine, chifukwa dzanja langa amatha kulitengera. Mwanayo mudzamupereke m'manja mwanga, ine nditaima pamaso panu."

Anaipinda bwinobwino. Ati, "Mayi, ine ndimvere iti? Mwini mwana anandichenjeza kale za inu ndi kalata ngati imeneyi. Abwere yekha." Amuna anga anati ndiye tikuimbire lamya pompano amve mawu ako. A Matayala ati mawu a pa lamya angakhale a munthu aliyense. Mkazi wawo anali ataima pakhomo akumwetulira, manja ake osalala ngati a khanda. Ndinafuna kumulavulira, koma mwana amagona m'nyumba mwake.

Ndinapempha kuti ndingomuona. Ndinamupeza kuseri ataima pakireti, mulu wa mbale ukumufika pachifuwa. Waonda, kabudula ndinamusokera uja akumanga ndi chingwe. Atandiona anabisa manja kumbuyo ngati waba. Ndati, "Tandionetsa zalazo." Iye m'malo mwake ananyamula poto. Ati, "Azakhali, onani, ndikumatsuka ndi kunsi komwe." Ine amene sindinabereke ndinalira pamaso pa anthu a eni.

Unatseka chitseko wekha, kiyi n'kumeza, poopa mchemwali wako amene anakusambitsa uli khanda. Walira mvula walira matope, koma amene akuponda matopewo ndi mwana. Kwera chilichonse chimene ungakwere ubwere udzamutenge.

Mchemwali wako


9 Okutobala

Chisamba mwana wanga,

Uli bwanji? Ine mtendere ndilibe. Ndapempha tchuthi kwa abwana katatu. Akuti pangano langa la ntchito litha mu Juni chaka chamawa, ndipo ndikachoka lisanathe mapepala anga okhalira kuno afa, sindidzaloledwanso kubwerera. Ndikatero tidzadya chiyani tonsefe? Amalume ako ndawalembera kawiri, sakuyankha.

Ndiye ndikupempha iwe. Loweruka ndi Lamlungu uzikwera basi kupita kumeneko, ukamutsukire mlongo wako mbale kuti apumeko. Ngati ungathe ndi masiku ena pochokera kusukulu, ungachite bwino. Iwe unazolowera, kwa iwe si kanthu. Umuuze kuti bambo ake amamukonda.

Undiyankhe msanga za mmene alili.

Bambo ako


29 Okutobala

Bambo,

Moni. Kalata yanu inandipeza pakati pa mayeso. Ndamaliza Lachinayi, ndi masamu omwe. Ndanena ndekha poti simunafunse.

Kwa amalume ndinayamba kupita kalata yanu isanabwere, Loweruka lililonse chibwezedwere cha azakhali. Ine Anti amandilola kulowa, poganiza kuti ndabwera kudzawonjezera manja. Koma sindinatsuke mbale ngakhale imodzi, ndipo sinditsuka. Ndikamutsukira Loweruka, Lolemba amutsukira ndani?

Ndimaima pambali pake nditapinda manja. Ndamuphunzitsa monga anandiphunzitsira azakhali. Ayambe wapala zotsalira. Poto wopserera amuthire madzi, amusiye adikire. Matambula ayambe madzi adakali oyera, kenako makapu ndi masipuni, kenako mbale, mapoto pomaliza, ndipo madzi akada ataye osachita ulesi. Tsiku loyamba anandipempha akulira kuti ndingomuthandizako mapoto okha. Ndinakana, ananditukwana, ndipo ndinalira m'basi njira yonse pobwerera. Azakhali anatumiza mafuta opaka m'zala ndi epuloni yosokedwa pamsinkhu wake. Amavala, ngakhale ana a kumeneko amuseke.

Tsopano mbale za anthu asanu ndi anayi amamaliza ola lisanakwane, ndipo masabata awiriwa wafika kusukulu geti lili lotsegula. Anti ataona kuti akumaliza msanga amuwonjezera kukolopa pabalaza ndi pakhonde. Dzulo tayamba phunziro limenelo.

Uthenga wanu ndinapereka, woti mumamukonda. Anafunsa kuti mubwera liti kudzamutenga. Ndinafuna kumuuza kuti posachedwa, koma mabodza a pasinki ndinatopa nawo, ndiye ndinamuuza kuti mu Juni. Sanalire. Anatulutsa manja m'madzi n'kuwerenga miyezi pazala, inakwana isanu ndi itatu. Anandifunsa ngati kalata yanu ndinaiwerenga bwino. Ndinati inde. Ndiye anabwezera manja m'beseni, chifukwa mapoto anali asanathe.

Chisamba